Ufa mu Rediyeta

Landirova ya amalume ake, a Kenan, inawiranso pa Mwenilondo, Lyson atatopa kale ndi kutunga madzi. Ku Vinthukutu makolo a Yunike, bwenzi la Lyson, ankawadikira kuti akambe za ukwati, ndipo ananenetsa kuti likapita tsikuli, mwana wawo akwatiwa ndi mphunzitsi wina.

"Thiranso ufa mu rediyeta, utseka podonthapo," anatero a Kenan.

"Amalume, pansipa pauma gwa. Madziwo akulowera kuti?"

A Kenan anasolola kawaya koyezera oyilo, n'kupeza oyiloyo akuoneka ngati tiyi wamkaka. Anakhala pansi.

"Gasiketi ya mu injini yapsa. Madzi akudonthera mkati. Ife timangophikira injini phala."

Lyson anakoleka nsapato zatsopano m'khosi, nafufuza m'thumba khadi lachipani lomwe ankafunsa pamsewu masiku amenewo, n'kuwasiya amalume, nkhoswe yake, pagalimoto, n'kuuyamba wapansi yekha, akudziwa bwino kuti wofunsira wopanda nkhoswe salandiridwa.