Mpanda wa a Gerishon

Yunike analandira foni ali pa sukulu imene amaphunzitsa ku Blantyre. Anali msuweni wake Jimu.

"Bwera msanga. A Yasin akugumula mpanda wa kwanu. Ndawaona ndi maso angawa akututa miyala pa wilibala."

Nyumbayo ili pa boma la Neno, ndipo palibe wamoyo amene anaiona ikumangidwa. Malemu bambo ake, a Gerishon, anachita kuigula kwa wamalonda wina. Mpanda wake ndi wa miyala yongosanja popanda simenti, wolekeza m'chifuwa. Chimwalirireni mayi ake zaka zinayi zapitazo, Yunike anali asanapondeko.

Loweruka anakwera minibasi, kenako njinga yamoto, njira yonse akukonza mawu okawalasa nawo a Yasin.

Anawapeza atagwada m'matope, mkulu wa imvi, mwini golosale yoyandikana ndi nyumbayo. Mbali ya kumtunda ya mpanda inali pansi. Akazi awo, a Fadila, ankawapatsira miyala umodziumodzi.

"Kodi chikuchitika n'chiyani pano?" anafunsa Yunike, ndi moni womwe osapereka.

"Mwafika, mwana wa a Gerishon?" anatero a Yasin. "Mvula ya Lolemba ija ndiyo inagwetsa. Miyala inagubudukira mumsewu, oswa miyala n'kuyamba kutola. Ndiye tinaithawitsira kuseri kwa golosale. Lero kwacha bwino, tikuibwezera."

Yunike anasowa poyang'ana.

"Pepani bambo. Ine ndinabwera ndi maganizo ena."

"Tinamva," anaseka a Fadila. "Jimu sadziwa kunong'ona."

"Nanga mukudzivutitsiranji chonchi, mpanda woti si wanu?"

A Yasin anadzuka pang'onopang'ono atagwira msana.

"Titafika kuno kuchokera ku Zalewa tinalibe pogwira. Bambo anu anatilola kutsamiritsa kaokala kathu pa mpanda uwu. Tinangomanga mbali zitatu, yachinayi inali miyalayi. Zaka zisanu ndi chimodzi, osatiwiringulira ngakhale tsiku limodzi. Matewera a ana athu onse anaumira pamwamba apa."

"Aka n'kachitatu kugwa chichokereni inu," anawonjezera a Fadila.

Yunike anayenda m'mbali mwa mpandawo. Anapezadi malo awiri pamene miyala inali yoyera, ndere zisanamere. Pobwerera anagwada n'kugwira dzanja la a Yasin ndi manja ake onse awiri, matope ali choncho.

"Zikomo bambo. Zikomo kwambiri."

"Dzukani, mudetsa diresi. Kapena ngati yada kale, tipatsireni waukuluwo. Mbali yosalala iziyang'ana pansi."

Anamaliza Lamulungu masana, zikhatho za Yunike zitachita matuza. Asanakwere njinga, anatulutsa makiyi a nyumba n'kuwapereka kwa a Fadila.

"Muzitsekulako mawindo, mayi. Chipinda chakutsogolocho muziikamo katundu wa m'golosale. Ine ndibwera sukulu tikatsekera."

A Fadila anamangirira makiyiwo pansonga ya chitenje, n'kufunsa ngati m'nyumbamo muli tsache.