Maluwa a m'Matumba

Matalala anagwa Lachiwiri masana, ndipo alendo amayembekezeka Lachinayi. Mitengo ya jakaranda ya mu Hatfield, dera la mumzinda wa Pretoria, inatsala ili mbulanda ngati nkhuku zososoledwa.

Pilira anaphunzira za zomera kuyunivesite, koma ku Joni digiri yake inamupezera ntchito ya miyendo: kuyendetsa alendo m'misewu n'kumawalozera mitengo. Kampaniyo inali ya Kabelo, kaofesi kamodzi ndi kabasi kamodzi. Chilolezo cha Pilira chokhalira m'dzikomo chinali chomangirira pa ntchito imeneyi. Ntchito ikaduka, nachonso chiduka.

Alendowo anali gulu la okalamba ochokera ku Japan. Kwawoko anthu amadikira maluwa a mitengo monga mmene ife timadikirira mvula yoyamba. Akaphuka, mabanja amatuluka kukayenda pansi pake, kuyala mikeka, kudyera pomwepo. Ena akakhuta maluwa a kwawo amakwera ndege kudzaona maluwa a mtundu wa pepo a jakaranda wa ku Pretoria.

"Eish, Pilira, anthu awa ndiye amatidyetsa chaka chonse," anatero Kabelo, akuyang'ana pazenera. "Sindikufuna kudziwa kuti upanga bwanji. Ndikufuna aone pepo."

Pilira ankakonda mafunso ovuta kuyambira ali kusukulu, ndipo ili analitenga ngati samu. Maluwa sangabwerere m'nthambi. Koma mlendo amajambulanso pansi, pomwe maluwa ayala ngati nsalu. Vuto linali loti mu Hatfield madzi a mvula anali atakokolola zonse. Choncho chofunika chinali kupeza pansi pena.

Anaimbira foni a Zakeyu, msuweni wake wamkulu, amene ankagwira ntchito ya m'gadeni ku Montana, kumpoto kwa mzindawo, komwe matalala sanafike kwenikweni.

"Achimwene, maluwa amene mumasesa aja mumawataya kuti?"

"Mumatumba, chemwali. Bwanji, mwayamba kuphika ndiwo za jakaranda?"

"Ndisungireni onse. Muuzenso anzanu."

"Koma sukulu iyi! Ife tikusesa, inu mukumwaza. Tizilembana ntchito tokhatokha basi."

Lachinayi m'mawa matumba anafika pa galimoto ya abwana a Zakeyu. Awiriwo anasankha kamsewu kachete, n'kukhuthula, n'kusalaza ndi tsache. Patali pankaoneka bwino ndithu. Pafupi pankamveka kafungo ka zinthu zimene zagona m'thumba.

Alendo anatsika m'kabasi ndi zipewa zawo ndi nsapato zoyendera. Anayenda pang'onopang'ono, akulankhula motsitsa mawu. Pilira anafotokoza kuti mitengoyi inachokera kutsidya la nyanja, ndipo boma limaiwerenga ngati yobwera. Pilira sanaseke, ngakhale ankafuna, poti nayenso boma limamuwerenga chimodzimodzi.

Mmodzi wa iwo, bambo Hoshino, wamtali ndi wodziwako Chingerezi, anali atamuuza m'kabasi kuti kwawo amayenda njira imodzimodzi kuseri kwa nyumba yake nyengo iliyonse, kuti aone chimene chasintha. Tsopano anaima pakati pa msewu. Anayang'ana kumwamba, ku nthambi zothyokathyoka. Anayang'ana pansi, pa maluwa ochuluka kuposa amene mitengoyo ikanabala. Kenako anawerama, n'kutola kanthu pakati pa maluwawo. Kanali kapinga wodulidwa ndi makina, wobiriwira, pa msewu wa phula pomwe panalibe kapinga aliyense.

Pilira anadziwa kuti wagwidwa. Koma mkuluyo anangoika kapingayo pansi mosamala, n'kumwetulira.

"Mwavutika nafe kwambiri," anatero, akuwerama.

Anzake nawonso anawerama. Anajambula zithunzi. Potsazikana, mayi wina anapatsa Pilira kansalu kopukutira thukuta kokulungidwa bwino m'pepala. Pilira anabwerera kuchipinda chake ku Capital Park akuimba. Anaiwala kuti nawonso amayi ake, mlendo akawakhumudwitsa, amamuthokoza kawiri n'kumuperekeza mpaka kumsewu.

Lolemba Kabelo anamuitana. Sanamuuze kuti akhale pansi.

"Kampani yawo yandiimbira. Chaka chamawa sabwera kwa ife."

"Chifukwa cha matalala? Matalala ndinagwetsa ine?"

"Za matalala ankadziwa asanakwere ndege. Anaona pa nkhani." Kabelo anapukusa mutu. "Akuti kwawo maluwa akathothoka, anthu amapitabe kukaona nthambi. Akuti nayonso ndi nyengo. Anakonzeka kudzaona mitengo yomenyedwa. Chimene sanakonzekere ndi mizere ya tsache."

"Munati mukufuna aone pepo."

"Ndinati aone. Sindinati uwanamize." Anatembenukira pa kompyuta yake. "Popanda gulu limenelo sindingasunge munthu. Kutha kwa mwezi ndiyenera kudziwitsa a boma. Sorry, sesi."

Pilira anatuluka. Panja dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo ophunzira ankathamangira kusiteshoni ya sitima. Anayenda osadziwa kolowera, mpaka anadzipeza pansi pa mitengo ina ya jakaranda. Anakweza maso. Kunsonga za nthambi zothyoka zija kunali timasamba tatsopano, tanthete, tobiriwira mowala. Akanatha kufotokoza za timasambato kwa ola lathunthu, ndipo okalamba aja akanamvetsera.

Foni inalira. Anali a Zakeyu.

"Chemwali, anzanga aja atenthedwa nayo bizinesi. Matumba ena adzadza kale. Tibweretse liti?"

Pilira anakwezanso maso ku timasamba tija, foni ili pakhutu.

"Halo? Chemwali? Mukundimva?"