Kroketa Yotsala M'mbale

Ku Zamora kunalibe munthu amene sanamvepo mayi Encarna akudzitama. "Sukulu inangomupatsa mapepala Anselmo wangayu," ankatero. "Koma kumulera, educar yeniyeniyo, ndi manja angawa."

Manjawo anakayesedwa Lamlungu lina kunyumba kwa bambo Evaristo, bambo ake a Begoña, mtsikana amene Anselmo ankafuna kukwatira. Mkuluyu anali atapitikitsapo kale mnyamata wina chifukwa cholankhula chakudya chili m'kamwa. Mayi Encarna anakhala patebulo mtima uli m'mwamba.

Zonse zinayenda bwino mpaka m'mbale yapakati munatsala kroketa imodzi, chokazinga chonga chitumbuwa koma cha nyama m'kati. Inali yamanyazi ija, yotsiriza, imene munthu woleredwa bwino saigwira ngakhale njala imupotokole matumbo. Tsono Anselmo pa nkhani ya kroketa anali wofooka chibadwire. Amayi ake anaona maso ake akuizungulira ngati a mphaka pa nsomba.

Sanadikire. Anaponya phazi pansi pa tebulo kuti amuchenjeze, ndipo nsapato inapeza fupa la mwendo. Anselmo osaphethira n'komwe. Anaponyanso, mwamphamvu. Mnyamata maso adakali m'mbale. "Mwanayu wayamba liti kundiderera?" anadzifunsa mokwiya. Kachitatu anachita kukoka mwendo kumbuyo kaye.

Foloko ya bambo Evaristo inagwera pansi. Mkuluyo anaimirira, nkhope itafiira, n'kupinda buluku mpaka m'bondo. Mwendo unali utatupa.

Mayi Encarna analakalaka nthaka itang'ambika. Ukwati wa mwana wawo anali atauphwanya okha, ndi nsapato yawo ya kutchalitchi.

"Mayi," anatero bambo Evaristo, "m'nyumba muno yamanyaziyo ndimadya ndine. Akazi angawa analalata mpaka anatopa, osandisintha. Inu lero lomwe lino, ndikangoti ndinyamule foloko, mwendo. Ndikangoti ndiyesenso, mwendo."

"Pepani bambo, ine ndimayesa..."

"Mumayesa ndi mwana wanu, ndadziwa." Anatembenukira kwa Anselmo, n'kumuyang'ana mwachisoni. "Iwe, wakulira pansi pa nsapato imeneyi?"

"Eya, bambo."

"Mtenge Begoña, mwana wanga. Wavutika mokwanira." Anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kukankhira mpando wawo kutali. "Asewere, tikuthirireni khofi?"

Mayi Encarna anangogwedeza mutu, misozi ikulengeza m'maso. Kroketa ija inazizirira m'mbale momwemo.