Amayi Kumbuyo kwa Chithunzi

"Ichinso ayi," anatero Tumpale, uku akukankha chithunzi ndi chala pa foni yake.

Iye ndi mchimwene wake Gwakisa anali atapanikizana pa kabenchi m'kashopu kosindikiza zithunzi ku Mwanjelwa, m'tauni ya Mbeya. Mayi awo anali atamwalira dzana lake. Mawa wina wa pabanja ankayenera kuyenda patsogolo pa bokosi atanyamula chithunzi chachikulu cha malemu, monga amachitira aliyense. Chithunzicho ndiye chinkasowa.

Zithunzi zokha zinalipo, mafoni awiri odzaza. Cha pa ukwati wa Gwakisa: suti yake ikuoneka ulusi uliwonse, amayi kumbuyo ngati utsi. Cha pa Khirisimasi: mbale ya nthochi zophika ndi nyama, mafuta ali waliwali, pamwamba pake chibwano cha amayi chosadziwika bwino.

"Foni imamvera chala," anatero mwini shopu, Bambo Mwakalinga, maso ali pa kompyuta. "Pamene mwagunda pa galasipo ndi pamene pamaoneka bwino. Kwinako imangokusiya."

Sananene mwachipongwe, koma Tumpale anachita manyazi mpaka kusowa poyang'ana. Zaka zonsezi chala chake chinkagunda ana, makeke, nsapato zatsopano. Ndi mphaka yemwe anali ndi chithunzi chooneka ndevu zonse.

"Ndiwe unkakhala nawo pafupi," anatero Gwakisa. "Ine ndimakhala kutali, mumzinda wa Dar."

"Eya, achimwene. Ndipo mukabwera munkajambula galimoto yanu. Tinyamule imeneyo mawa?"

Gwakisa anatembenukira kwa mwini shopu. "Bambo, palibe mochitira?"

Mochitira munalipo. Bambo Mwakalinga anatenga chithunzi chimodzi n'kuchilowetsa m'pulogalamu yowalitsa nkhope. Posakhalitsa panatuluka mayi wa khungu losalala, mano oyera ondondozana, maso akuthwa. Wokongola ndithu.

"Basi, chomwechi!" anatero Gwakisa. "Anzanga a ku ofesi akubwera. Sindingayendetse utsi patsogolo pa bokosi."

"Ameneyu ndi mayi wa ndani?" anafunsa Tumpale. "Mpata wa mano uja uli kuti? Nanga chipsera cha mafuta a mandasi?"

"Makina akapanda kuona amangolota," anatero Bambo Mwakalinga. "Koma chipsera ndingachibwezere. Chinali pa tsaya liti?"

Funsolo linalunjika kwa Gwakisa, poti ndiye wamkulu. Anakweza dzanja kuloza tsaya lamanja, n'kuimira panjira. Analisunthira kumanzere. Kenako analitsitsa n'kulibisa pakati pa mawondo. Tumpale, amene pakamwa pake sipasowa chobweza, ulendo uno anangomumvera chisoni.

Bambo Mwakalinga anabwerera ku zithunzi zoyamba zija, n'kuima pa chimodzi.

"Ichi wojambula sanalakwe," anatero. "Taonani mpandowu, misomali yake ikuwerengeka. Chala chinagunda malo ake enieni. Mayi anuwo ndi amene anasuntha."

Tumpale analikumbukira tsikulo. Anawakhazika yekha pakhonde, n'kuwakonza duku. "Amayi, khalani chete kamodzi kokha," anawauza motero. Anakhaladi, manja pamiyendo, mpaka anaona kanthu kumbali.

"Tachikulitsani pakonapo," anatero Gwakisa.

Pa chithunzicho amayi anali atanyamuka theka, nkhope itafufutika ndi changu, fulasiki ya tiyi ili m'manja. Kumapeto kwenikweni kunkaoneka dzanja lovala wotchi yasiliva, litatambasula kapu yopanda kanthu. Mwini dzanjalo nkhope yake inali kwina, kunja kwa chithunzi.

Gwakisa anayang'ana wotchi yasiliva ya pamkono pake, n'kuivula pang'onopang'ono, kuiponya m'thumba.

"Sindikizani chimenechi," anatero. "Musadule kapuyo. Ndinyamula ndekha."