Maliro a Aksel Aima pa Njanji

Galimoto ya maliro itafika pa njanji inapeza zitsulo zotchinga msewu zatsika kale, belu likulira. Ejvind, woyendetsa, anazimitsa injini. Galimoto khumi ndi ziwiri za m'mbuyo zinazimitsanso.

Tove anali mu galimoto yachiwiri pamodzi ndi mayi ake, a Bodil. Tove anachoka kwawo kuno ku Vindmose ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo anali ataiwala kuti kuno anthu saliza hutala. Panatha mphindi khumi, sitima osaoneka. Anthu anayamba kutsika, wina anatulutsa fulasiki ya khofi.

Tchalitchi ndi manda zinali tsidya lina, kumudzi wakale wa alimi. Tsidya lino kunali thengo mpaka njanji itabwera ndi siteshoni, hotela ndi nyumba za njerwa zofiira za antchito. Malemu Aksel, bambo a Tove, anatsitsa ndi kukweza zitsulozi ndi manja zaka makumi atatu, makina asanawalande ntchito.

"Aksel akutibwezera," anatero Gunnar, mnzawo wakale wa pa siteshoni, akutsamira ndodo. "Tinkamutukwana tsiku lililonse, lero watigwira tonse pamodzi."

"Iwe unkamutukwana chifukwa unkachedwa ku mowa," anayankha a Bodil.

Tove anaimba nambala yolembedwa pa mzati. Amene anayankha anamuuza kuti sitima ya matabwa yaima panjira, ndipo sakudziwa kuti inyamuka liti. Abusa nawo anatumiza uthenga: ali ndi ukwati mudzi wina masana omwewo.

"Palibe chikubwera apa," anatero Ejvind. "Awiri akweze chitsulochi, ine ndidutse msangamsanga."

"Mwamuna wanga sanadutsitsepo munthu chitsulo chili pansi," anatero a Bodil. "Sayambira lero."

"Ngakhale kamodzi, amayi?" anafunsa Tove. Ankafunadi kudziwa.

"Funsa Gunnar. Iwe unabadwira pompano, mu galimoto ya wogulitsa buledi. Bambo ako ankamva kukuwa kwanga ali pa chogwirira chawo chokwezera zitsulo, misozi ili mbwembwembwe, koma anadikira mpaka bogi yomaliza ya sitima itadutsa."

Tove anayang'ana phula lomwe anaimapo. Ankadziwa kuti anabadwira panjira yopita kuchipatala, koma palibe anamuuzapo kuti ndi njira iti, kapena anaitseka ndani. Sanadziwe ngati akwiye kapena aseke.

"Nanga kanjira ka pansi pa njanji kaja kadakalipo?" anafunsa.

Kanalipo, kuseri kwa siteshoni yomwe tsopano inali malo ometera tsitsi. Amuna asanu amene anagwirapo ntchito ndi malemu anavula zipewa n'kuyandikira bokosi. Wamng'ono pa onsewo anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Gunnar anayesa kugwira chogwirira chachisanu ndi chimodzi, bondo linakana. Tove anamupatsa chikwama chake n'kugwira m'malo mwake.

Anatsika masitepe pang'onopang'ono, a Bodil akutsogolera. Mkatimo munkanunkha chinyontho. Atafika pakati, makoma anayamba kunjenjemera.

"Imani," anatero a Bodil.

Anaima. Sitima inadutsa pamwamba pa mitu yawo, bogi ndi bogi, fumbi likuyoyokera pa maluwa. Dzanja la Tove linachita dzanzi, koma anaona kuti milomo ya madoda onsewo ikugwedera: ankawerenga mabogi.

"Makumi atatu ndi anayi," anatero Gunnar phokoso litatha. "Kale ankakoka makumi asanu."

Atatulukira tsidya linalo anapeza zitsulo zakwera, Ejvind waimika galimoto pambali pa msewu, chitseko cha kumbuyo chili chotsegula. A Bodil anayang'ana madodawo, thukuta lili kamukamu, kenako mwana wawo.

"Watopa?"

"Ayi, amayi."

"Ejvind, tenga Gunnar ndi bondo lakelo. Ife tifika wapansi."