Mutu wa Kampango wa Achemwali

Anandiitana ngati mlendo wolemekezeka, ine Idrisa, chifukwa ndinakalambira kuyunivesite ya ku Ulaya ndipo sukulu yathu ya kufupi ndi Benga inkafuna munthu womuloza. Ankatsegulira chipinda cha mabuku a Chichewa. Mtengo wa mango womwe tinkaphunzirira pansi pake anaudula, koma a Raston Maganizo, aphunzitsi athu akale, anawasunga. Tsopano anali wapampando wa komiti.

Masiku athu, ukangolankhula Chichewa pabwalo la sukulu, a Raston ankakuwa kuti "Venakyula!" n'kukuveka mutu wa kampango wouma, womangidwa pachingwe. Unkayenda nawo m'khosi, ntchentche zikukulondola, kufikira utamva mnzako akuphonya. Pamenepo unkamuveka iyeyo. Tinaphunzira kutchera anzathu khutu tisanaphunzire kuwerenga.

Omaliza kuuvala anali achemwali anga a Sharifa, amene ankandiposa pa chilichonse. Tsiku limenelo anakana kugwira mnzawo aliyense. Anabwera nawo kunyumba, anyamata akutseka mphuno kumbuyo kwawo, ndipo kusukulu sanapondekonso. Ine ndinapitirira. Iwo mpaka lero amayanika usipa.

"Mukadali nawo?" ndinawafunsa nditangofika.

"Uli kudenga. Lamulo linkati uuvule ukapeza wina. Sindinampeze."

"Mawa timpeza."

"Achimwene, mabuku onse aja munawerengera kuti mudzavute nkhalamba?"

"Mabukuwo ndi amene andiphunzitsa kusunga mkwiyo osaola."

Anaseka, koma m'mawa ndinaona kanthu katatukumuka m'chitenje mwawo.

Pamwambopo a Raston anaimirira ndi ndodo, nalankhula Chichewa chokoma chomwe sindinkadziwa kuti ali nacho. "Maphunziro atsopanowa asintha dziko. Mwana aziwerenga m'chiyankhulo cha mayi ake. Ine ndakhala ndikunena zimenezi kuyambira kale!"

Makolo anaomba m'manja, anthu omwewo amene makosi awo ananunkhapo nsomba. Ndamva akatswiri akulonjeza zotere m'mayiko ambiri, koma sindinamvepo mmodzi akupepesa.

Ndinali nditanola mawu oti ndiwachititse nawo manyazi a Raston. Sanafunike. A Sharifa anadzuka pakati pa amayi, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, nagwada mwaulemu.

"Pepani aphunzitsi. Venakyula."

Anaimirira n'kuwaveka mutu uja. Fupalo linali litayera, fungo linatha kalekale, koma akuluakulu onse analizindikira. Bambo wina waimvi, amene anali pakati ponong'oneza mnzake, anadzigwira pakamwa. Palibe wamkulu anafuna kukhala woyamba kulankhula.

Ana okha ndi amene sankadziwa choopa. Kamtsikana kena kakutsogolo kanafunsa mokweza, "Agogowo awaveka chiyani?"

A Raston anatembenuka msanga ngati mnyamata. Dzanja lawo linapita pachingwe n'kuyamba kuchivula, maso ali pa mwanayo.

A Sharifa analigwira dzanjalo, nalitsitsa.

"Ayi, aphunzitsi. Palibe womupatsira. Mupita nawo kwanu."