Kagwape ka Nasima

Nasima ndi mnzanga wa mu Sitandade 5 kuno ku Chilomoni. Mayi ake anamwalira chaka chatha, ndiye amakhala ndi amalume ake, a Mohamed, atelala aja osoka pakhonde la golosale. Za akazi awo sindikamba zambiri, koma aliyense akudziwa kuti shuga amabisa kuchipinda.

Dzinja lino, nyengo imene nyama zambiri za m'phiri zimakhala ndi ana, tinapita kuphiri la Michiru kukatola nkhuni. M'udzu tinapeza kamwana ka gwape katagona phee, makutu okha akugwedera. Tinakayandikira, sikanathawe.

"Amake kulibe," anatero Nasima. "Ndi kamasiye aka, Ida. Ngati ine."

Anakakulunga m'chitenje n'kukabereka kumbuyo, nkhuni zake n'kuzisiya pomwepo.

Amalume ake atakaona anaika sizasi pansi. "Iwe Nasima, gwape satenga mwana popita kukadya. Amamubisa m'udzu n'kumabwera kudzayamwitsa. Si kamasiye aka, mwawalanda amake."

"Ndiye ndikabweza, amalume. Mawa m'mamawa."

Kunja kunali kukuda, mvula itayamba. A Mohamed anangomuyang'ana. "Mawa ndi pa 3 Malichi."

Ine ndi Nasima tinali titaiwala. Limeneli ndi tsiku lolira anthu amene anafera dziko. Kuchapa ayi, kulima ayi, kuseka mokweza ayi. Ayufi, anyamata a chipani a malaya ofiira aja, amazungulira m'misewu kuona amene akugwira ntchito. Mtsikana wolowera kuphiri angauze ndani kuti sakukatola nkhuni?

"Akakugwira adzatenga ine," anatero a Mohamed. "Udikire mkuja."

Kutacha ndinazemba kwathu kupita kwa Nasima. Kagwape kanali m'katoni kukhitchini. Tinakapatsa mkaka pasupuni, kanakana. Tinanyowetsa kansalu kuti kayamwe, kanapotoza mutu. Kankangolira ndi kamawu kakang'ono, pamene wayilesi ya aneba inkaimba nyimbo zamaliro zokhazokha.

Cha kumasana Nasima analephera kupirira. Anakabereka n'kudzera kuseri kwa nyumba za anthu, ine pambuyo. Titafika pamphambano ya njira ya kuphiri tinaona ayufi atakhala pamwala, wina akusewera ndi ndodo.

"Alongo, mwana mukupita naye kuti lero?" anafunsa wandodoyo.

"Akulira, ndikungomutonthoza," anatero Nasima, n'kubwerera kunyumba msanga ayufiwo asanaone miyendo ya kagwape.

Dzuwa lisanapendeke kagwape kanawongola miyendo m'katoni muja n'kufa, basi.

Nasima anakhala pakhonde akulira, chitenje chili kumaso. Ndiye kukudutsa mayi Petronela, atcheya a amayi a chipani, amene ngakhale amuna awo amawaopa. Anaima n'kugwira pachifuwa.

"Taonani mwana uyu. Anzake akubisala m'nyumba kumadya chimanga chootcha, iyeyu akulira anthu ofera dziko. A Mohamed, mwalera bwino."

A Mohamed anati zikomo, maso ali pansi. Pofika madzulo Chilomoni yense anali atamva za mtsikana wokonda dziko lake.

M'mawa mwake tinapita kukakakwirira pamene tinakapeza paja. Nasima ndiye anasankha malowo. Udzu wonse unali wopondekapondeka, ndipo m'matope munali mapazi a gwape wamkulu, ozungulira, kupita, kubweranso, ena atsopano ndithu.

Nasima anagwada n'kuika chala m'phazi limodzi. Khasu ndinakumba nalo ndine.